Vesi Lowerengedwa Theka

M'buku la Uthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka, mutu 14 vesi 26, muli mawu amene alaliki ambiri amawalumpha monga mmene munthu amalumphira mzere wa linthumbwi panjira. Pamenepo Yesu akucheukira chikhamu cha anthu chimene chinkamutsatira ndi kuchiuza kuti munthu sangathe kukhala wophunzira wake pokhapokha atada atate ake ndi amayi ake, mkazi wake ndi ana ake, abale ake ndi alongo ake, ndiponso moyo wake womwe. Luka analemba m'Chigriki, ndipo liwu limene anasankha, miseo, ndi liwu wamba lotanthauza kuda. Omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka m'chaka cha 1922 motsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, sanalithire madzi liwulo. Analisiya ndi ukali wake wonse.

Kwa munthu wolankhula Chichewa, kuda si nkhani yamasewera. Anthu odana sapalana moto, sapatsana moni pachitsime, ndipo mmodzi akadwala mwakayakaya maso a mudzi wonse amaloza kwa winayo, pakuti pamaganizo a anthu chidani ndi ufiti zimagona nyumba imodzi. N'chifukwa chake sizodabwitsa kuti mlaliki wamantha amalambalala vesi limeneli. Mlaliki wotere ndi wolakwa, koma kulakwa kwake n'kwapang'ono. Oopsa ndi ena aja amene salilumpha, koma amalikonda, amaliloweza pamtima ndi kulisandutsa nkhwangwa yogwetsera mabanja a anzawo.

Zochita zawo n'zodziwika m'matauni ndi m'midzi momwe. Mnyamata amene amayi ake anamuphunzitsa ndi ndalama za mandasi amapeza ntchito mumzinda ndi kulowa m'kagulu ka mapemphero. Zinthu zikayamba kumuvuta, mtsogoleri wa kaguluko amamuuza kuti gwero la mavuto ake ndi matemberero a kumtundu, ndipo kuti nkhalamba imene ili kumudzi ija ndiyo yamanga tsogolo lake. Ndalama ya feteleza imaleka kupita kumudzi. Maliro a malume ake amamva, koma sapita. Alongo ake akamudandaulira, amawatsegulira Luka 14 vesi 26 ndi kuwauza kuti iye wasankha Mulungu. Chodabwitsa n'chakuti mnyamata yemweyo sagona ndi njala, nsapato yake ndi yatsopano, ndipo ndalama imene inkapita kwa amayi ake sinapite kumwamba ayi. Inangosintha njira.

Munthu wotereyu wawerenga vesi theka. Mndandanda wa zinthu zimene Yesu akutchula suthera pa abale ndi alongo. Umathera pa moyo wa wophunzira mwiniwake, ndipo vesi lotsatira likunena za kusenza mtanda. Tanthauzo lililonse limene munthu angapereke ku liwu loti kuda pamene likukhudza amayi ake, ayenera kuperekanso tanthauzo lomwelo pamene likukhudza iye mwini, chifukwa mneni ndi mmodzi ndipo chiganizo ndi chimodzi. Ngati kuda amayi ndiko kuwamana chakudya, iye ayambe wadzimana yekha. Ngati ndiko kuwatcha mfiti, adzitche mfiti iyenso. Palibe lamulo la chiyankhulo, kaya la Chigriki kaya la Chichewa, limene limalola liwu kukhala lakuthwa poyamba pa chiganizo ndi kufika kumapeto litabuntha.

Nanga liwulo linkatanthauzanji m'makutu a Ayuda amene analimva? Yesu ankaphunzitsa m'Chiaramu, chiyankhulo chapachibale ndi Chihebri, ndipo m'malemba a Chihebri kukonda ndi kuda kawirikawiri amaikidwa pamodzi pofuna kusonyeza amene ali patsogolo ndi amene ali pambuyo. Buku la Genesis, mutu 29, likusimba kuti Yakobo anakonda Rakele koposa Leya, ndipo vesi lotsatira lomwelo likutcha Leya mkazi wodedwa. Komatu Yakobo sanamupirikitse Leya. Anabereka naye ana aamuna asanu ndi mmodzi ndi mwana wamkazi Dina, ndipo ali pafupi kufa anapempha kuti akamuike m'phanga la Makipela, m'mene iye mwini anaikamo Leya. Buku la Deuteronomo, mutu 21, likupitirira pamenepo. Likunena za mwamuna wa mitala amene ali ndi mkazi wokondedwa ndi wina wodedwa, ndipo likumuletsa kulanda ukulu wa mwana woyamba wa mkazi wodedwayo. Mwanayo ayenera kulandira magawo awiri a chuma cha atate ake. Apa pali mfundo imene okonda nkhwangwa aja safuna kuimva. M'chilamulo cha Mose, ngakhale munthu wotchedwa wodedwa sataya gawo lake. Waikidwa pambuyo, koma mbale yake siichotsedwa pamphasa.

Mateyu, polemba chiphunzitso chomwechi m'mutu 10 vesi 37, sanagwiritse ntchito liwu loti kuda. Iye akunena za munthu wokonda makolo kapena ana koposa Yesu. Omasulira Good News Bible, Baibulo la Chingerezi limene linatuluka m'chaka cha 1976, anatsata njira yomweyo pomasulira vesi la Luka. Amene amanena kuti uku n'kukhotetsa malemba ayenera kuyamba akangana ndi Mateyu.

Komabe pali choona china m'madandaulo awo, ndipo sichiyenera kubisidwa. Akhristu ambiri akamva kuti kuda kumeneku ndiko kukonda pang'ono, amapuma mpweya wabwino ndi kutseka buku, ngati kuti Yesu sananene kanthu. Kumeneko n'kudzinamiza. Luka akusonyeza kuti mawuwa analankhulidwa pa ulendo wopita ku Yerusalemu, kumene Yesu ankadziwa kuti akaphedwa. Anthu ankamutsatira mwachikhamu monga anthu otsatira gule, ndipo iye anafuna kuwapeta. Mtanda umene anautchula sunali chokongoletsera cha m'khosi. Unali mtengo umene Aroma ankapachikapo akapolo ndi oukira boma, poyera, m'mbali mwa msewu. Atatero anapereka mafanizo awiri, la munthu womanga nsanja amene ayenera kuyamba wawerengera ndalama zake, ndi la mfumu ya asilikali 10,000 imene iyenera kulingalira bwino isanakumane ndi inzake ya asilikali 20,000. Mawu onsewa ndi a munthu wochenjeza kuti tsiku likhoza kufika pamene chikondi cha pabanja ndi chikhulupiriro zidzakokera kosiyana, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Tsiku lotero linamufikira Perpetua, mayi wa zaka pafupifupi 22 wa mumzinda wa Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia. M'chaka cha 203 anamangidwa pamodzi ndi anzake chifukwa cha Chikhristu, ali ndi khanda loyamwa. Zimene zinamuchitikira m'ndende anazilemba yekha, ndipo zolemba zakezo zili m'gulu la zakale kwambiri zimene mkazi wachikhristu anasiya. Atate ake, amene sanali Mkhristu, anabwera kangapo kudzamudandaulira. Anamukumbutsa za imvi zawo, za mmene anamulerera momukonda koposa alongo ake, ndi za mwana amene adzatsale wamasiye. Anapsompsona manja ake, nadzigwetsa pamapazi ake akulira. Chimene boma linkafuna chinali chochepa pamaso pa anthu: kupereka nsembe chifukwa cha moyo wa mafumu a Roma, basi, ndi kubwerera kwawo. Perpetua anakana. Pa tsiku la mlandu atate akewo anafika atanyamula khandalo, ndipo atalimbikira kumukoka mwana wawo, woweruza Hilarianus analamula kuti awagwetse pansi ndi kuwamenya ndi ndodo.

Pamenepa ndi pamene wowerenga ayenera kuyang'anitsitsa. Perpetua analemba kuti ndodoyo inamupweteka ngati kuti yagwera pathupi lake, ndipo kuti anamva chisoni chifukwa cha ukalamba womvetsa chisoni wa atate ake. Sanawatche mdani, sanawatche chida cha temberero la kumtundu, ndipo sanaleke kuwatcha atate. M'ndende nkhawa yake yaikulu inali ya khanda lake: anapempha kuti azikhala nalo kuti aziliyamwitsa, ndipo analankhula ndi amayi ake ndi mlongo wake za kasamalidwe kake. Mnzake Felicitas, amene anabereka m'ndende momwemo masiku ochepa asanaphedwe, anasiya mwana wake wamkazi m'manja mwa mayi wina wachikhristu amene anamulera ngati wake. M'mwezi wa Malichi chaka chomwecho onse awiri anaponyedwa m'bwalo la masewero, anagundidwa ndi ng'ombe yolusa, kenaka anaphedwa ndi lupanga. Ngati pali munthu amene anakwaniritsa Luka 14 vesi 26, ndi Perpetua. Iye anakana pempho limodzi lokha la atate ake, ndipo malipiro a kukanako anali magazi ake. N'zoona kuti nkhalambayo inatsala ndi chilonda mumtima, koma mwana wawo sanapindule kanthu ndi chilondacho. Mnyamata wa nsapato yatsopano uja akadziyerekeza ndi mayi ameneyu, ayenera kufunsidwa kuti wataya chiyani.

Kunena zoona, khalidwe la mnyamatayo lili ndi dzina lake m'Baibulo, ndipo dzinalo silili m'buku la Luka. Lili m'buku la Maliko, mutu 7. Panthawi ya Yesu panali mwambo wotchedwa korban, liwu lotanthauza mphatso yoperekedwa kwa Mulungu. Munthu akalumbira kuti chuma chake ndi korban, aphunzitsi ena a malamulo ankati sangathenso kuthandiza nacho atate ake kapena amayi ake. Yesu anawadzudzula poyera kuti akupeputsa lamulo la Mulungu lolemekeza makolo pofuna kusunga mwambo wawo. Izi zikusonyeza kuti nzeru yomana makolo m'dzina la Mulungu si yatsopano, ndipo Yesu anakumana nayo maso ndi maso naikana. N'kovuta kumvetsa kuti munthu mmodzi yemweyo angaletse korban ku Galileya ndi kukailamula panjira ya ku Yerusalemu.

Moyo wake ndi wa ophunzira ake ukuchitira umboni womwewo. Petro ananena kuti iye ndi anzake anasiya zonse, komabe nyumba yake ku Kaperenao inalipobe, ndipo apongozi ake atadwala malungo Yesu analowa m'nyumbamo nawachiritsa. Patapita zaka zambiri, Paulo polembera Akorinto anatchula kuti Petro ankayenda ndi mkazi wake pa maulendo ake. Yohane akusimba kuti Yesu ali pamtanda, mpweya ukumuthera, anapereka amayi ake m'manja mwa wophunzira amene ankamukonda, ndipo wophunzirayo anawatengera kwawo. Kalata yoyamba yopita kwa Timoteo, mutu 5 vesi 8, ikuika munthu wosasamala a pabanja pake pansi pa munthu wosakhulupirira. Ndipo Luka yemweyo, m'mutu 6, analemba lamulo lokonda adani. Kodi chingakhale chipembedzo chanji chimene chimalamula munthu kukonda wakuba amene wamuthyolera nyumba, koma kuda mayi amene anamubereka kumsana?

Otsutsa ali ndi mavesi awo, ndipo si opepuka. Amatchula munthu uja wa pa Luka mutu 9 amene anapempha kuti ayambe wakaika maliro a atate ake, Yesu n'kumukaniza. Kwa anthu amene amaona maliro ngati ngongole yoposa ngongole zonse, nkhani imeneyi imabaya, ndipo inkabayanso chimodzimodzi pakati pa Ayuda. Amatchulanso tsiku limene amayi ake a Yesu ndi abale ake anaima panja namuitanitsa, iye n'kuyankha kuti abale ake enieni ndi amene amamva mawu a Mulungu ndi kuwachita. Palibe chifukwa chokanira kuti pamenepa Yesu anaika ufumu wa Mulungu patsogolo pa magazi. Koma kandimverere anakanena za m'maluwa: amene amaima pa nkhani imeneyi sanamve mathero ake. Buku la Machitidwe, mutu 1 vesi 14, likuonetsa Maria ndi abale ake a Yesu ali m'chipinda chimodzi ndi atumwi, akupemphera. Yakobo, mmodzi wa abale amene poyamba sanamukhulupirire, anadzakhala mtsogoleri wa mpingo wa ku Yerusalemu. Chitseko chimene chinaoneka ngati chatsekedwa tsiku lija sichinakhomedwe misomali.

Palinso kanthu kena m'vesili kamene kamaiwalika msanga. Amene akupempha kuikidwa patsogolo pa makolo ndi Yesu, polankhula za iye mwini. Akhristu amavomereza pempho lotere chifukwa amakhulupirira kuti wopemphayo ndi Mwana wa Mulungu, ndiponso kuti iye anatsogola kufa. Mbusa, mneneri kapena mtumwi wa masiku ano akawerenga vesili kwa nkhosa zake, kenaka n'kuyembekezera kuti ndalama, nthawi ndi kumvera zimene zachotsedwa kwa makolo zifike kwa iye, ndiye kuti wakhala pampando umene si wake. N'zochititsa chidwi kuti atsogoleri otere kawirikawiri amafuna kutchedwa atate kapena adadi ndi anthu omwewo amene awaphunzitsa kukana atate awo owabereka. Vesi 33 la mutu womwewo, limene likuti wophunzira asiye chuma chake chonse, amaliwerengera anzawo, osati kudziwerengera okha.

Kumene njira imeneyi imathera kunaoneka ku Kenya m'chaka cha 2023. M'nkhalango ya Shakahola, kufupi ndi tauni ya Malindi, apolisi anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a mpingo wa Good News International, wotsogozedwa ndi Paul Mackenzie. Madokotala opima mitembo anapeza kuti ambiri anafa ndi njala, ndipo pakati pa akufawo panali ana ambiri. Opulumuka anasimba kuti anauzidwa kusala kudya kufikira imfa kuti akakumane ndi Yesu. Boma linamuimba Mackenzie milandu yambiri, kuphatikizapo yakupha, ndipo iye anaikana. Kuweruza munthuyo ndi ntchito ya makhoti. Koma mayi safika tsiku limodzi pomana mwana wake madzi akumwa. Amayamba waphunzitsidwa kuti achibale amene akumuitana kuti abwerere kwawo ndi adani a chipulumutso chake, ndi kuti chifundo chimene akumva m'mimba mwake ndi mayesero oyenera kugonjetsedwa. Perpetua anafa mwana wake ali moyo. Ku Shakahola zinatembenuzika.

Mpingo wakale unaiona ngozi imeneyi kalekale. Chapakati pa zaka za m'ma 300, mabishopu anasonkhana mumzinda wa Gangra, m'dziko limene lero ndi Turkey, kuti akambirane za otsatira a Eustathius wa ku Sebaste, amene chifukwa cha changu cha kudzimana ankanyoza ukwati ndi kupasula mabanja. Msonkhanowo unakhazikitsa malamulo 20. Lamulo la 14 linatemberera mkazi wosiya mwamuna wake chifukwa chonyansidwa ndi ukwati. La 15 linatemberera kholo losiya ana ake osawalera ponamizira kudzipereka kwa Mulungu. La 16 linatemberera ana osiya makolo awo ndi kuwamana ulemu ponena kuti kupembedza ndiko kofunika koposa. Mabishopu amenewa sanali anthu ofewa m'chikhulupiriro. Anakhala ndi moyo m'zaka zotsatira chizunzo chachikulu chimene mfumu Diocletian inayambitsa m'chaka cha 303, ndipo ankadziwa kusiyanitsa munthu wofera chikhulupiriro ndi munthu wothawa udindo.

Ngakhale akuluakulu a mpingo ena anaterereka pa vesi limeneli. Jerome, amene pambuyo pake anamasulira Baibulo m'Chilatini, ali mnyamata anapita kukakhala m'chipululu cha Chalcis ku Syria. Bwenzi lake Heliodorus, amene anayenda naye ulendo wa kum'mawa, anabwerera kwawo ku Italy, kumene kunali mlongo wake wamasiye ndi mwana wamng'ono wa mlongo wakeyo. Cha m'ma 375 Jerome anamulembera kalata yamoto yomuitanira ku chipululu. Anamuuza kuti ngakhale kamwanako katamukolekera m'khosi, ngakhale amayi ake atamuonetsa mawere amene anayamwa, ngakhale atate ake atagona pakhomo kumutchingira njira, iye awaponde ndi kupita osakhetsa msozi. Kalatayo inatchuka kwambiri, ndipo anthu ankailoweza pamtima.

Heliodorus sanapite. Anakhala kwawo, analera mwana wa mlongo wakeyo, dzina lake Nepotian, ndipo anadzakhala bishopu wa mzinda wa Altinum. Nepotian atakula anadzozedwa unsembe, natumikira pansi pa malume akewo. M'chaka cha 394 Jerome, tsopano ali ndi imvi ku Betelehemu, analembera Nepotian kalata ya malangizo a moyo wa wansembe, ndipo poyamba penipeni pa kalatayo anavomereza kuti zimene analembera malume ake kale zija zinali zodzala ndi maluwa a kusukulu ya zolankhulalankhula, zolembedwa ndi munthu amene anali asanakhwime. Patangopita zaka ziwiri, m'chaka cha 396, Nepotian anadwala malungo namwalira akali mnyamata. Jerome anatenganso cholembera, nalembera Heliodorus kalata yaitali yomupepesa maliro, yoyamikira mnyamata uja amene zaka makumi awiri m'mbuyomo anati achotsedwe m'khosi, ndipo m'kalatamo anaulula kuti misozi inali kutsika pamasaya ake pamene ankalemba.